Musagule makina a mabriketi ndi ndalama ya katapila

Funso: Ndimakhala ku Nkhotakota. Pa chigayo cha mpunga chapafupi mankhusu amangotayidwa, ndiye ndikufuna kumaumba makala a mabriketi. Makina ake ndi K1,500,000, ndipo bambo wina walonjeza kundibwereka mu Novembala, chiwongoladzanja 30 pa 100 pamwezi. Ndigule a magetsi kapena a dizilo?

Yankho: Mayi, za magetsi ndi dizilozo tiyambe tazisiya. M'kalata mwanu ine ndaona mawu awiri okha: Novembala ndi 30 pa 100. Bambo mukuti "wina" uja ndi wakatapila, musamukometse dzina.

Tiwerengere limodzi. Pa K1,500,000, chiwongoladzanja chokha ndi K450,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Tinene kuti thumba limodzi likusiyirani K3,000 mutachotsa zonse. Ndiye kuti matumba 150 pamwezi, asanu patsiku mpaka Lamulungu lomwe, mukugwirira bamboyo. Ana anu sanadye.

Nanga matumba asanuwo muwaumitsa bwanji? Briketi ikatuluka m'makina imakhala yonyowa ngati chigumu chosaphika, imafuna dzuwa la masiku angapo. Inu mukuyamba pamene mvula ikuyamba. Mu Januwale mudzakhala mukuthamanga ndi pepala la pulasitiki pabwalo, katundu akuchita nkhungu, foni ikulira. Wakatapila sayang'ana kumwamba. Iye amayang'ana firiji yanu ndi malata a nyumba, ndipo ndalandirapo makalata ambiri a anthu amene anayamba ndi makina n'kumaliza akugona kwa achemwali awo.

Mankhusu aulerewonso musawadalire. Ndi aulere lero chifukwa palibe akuwafuna. Mwini chigayo akadzakuonani mukubwera ndi ngolo kawiri pamlungu, adzaika mtengo. Komanso mukawawotcha mumgolo mpaka ade, amachepa ndithu, ndiye muwonjezere ufa wa chinangwa wophikira phala lomatira, umene ku Nkhotakota konko anthu akuulimbirana kuti aphike kondowole. Mankhusu a mpunga amasiyanso phulusa lambiri. Mayi wokazinga mandasi akaona mbaula yadzaza phulusa moto uli wofooka, mawa abwerera ku makala a mitengo, ngakhale lamulo la zankhalango analikhwimitsa mu 2020. Sakanizani ndi makoko a mtedza kapena zitsononkho.

Bizinesiyi ndi yeniyeni, sindikukugwetsani mphwayi. Pitani ku Dwangwa m'boma lanu lomwelo: kampani ya EthCo yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasesi, zotsalira popanga shuga, kuyambira 1982, ndipo amamusakaniza ndi petulo. Koma onani pamene anamanga fakitale, pafupi penipeni ndi ya shuga. Zotsalira sizilipira thiransipoti ya ulendo wautali. Inunso mgolo wanu ukhale kuseri kwa chigayo, mutalemberana ndi mwiniwake za mtengo wa chaka chonse.

Dikirani mpaka Meyi, mpunga ukayamba kukololedwa ndipo dzuwa likakhazikika. Wowotcherera zitsulo pamsika akupangireni chikombole chamanja. Ndalama yake mutenge ku banki m'khonde, kumene chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu pogawana. Pezani malo awiri ophikira zakudya, muwapatse thumba loyesa, ndipo lembani m'kope chilichonse, ndi machesi omwe.

Bamboyo muuzeni mwaulemu kuti mwasintha maganizo. Akakutsitsirani kufika pa 20, musavomerebe.