Achemwali, za chipinda cha khonde zija

Achemwali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pantchito, ndipo nkhani iyi sindikanatha kulemba ndi zala, bola ndingolankhula. Ena nonse a pagulupu pano mupirire, ikhala yayitali.

Ndiye mwafunsa kuti pa ulendo wa pasitima uja, womwe mukufuna kutengera Amayi pokondwerera zaka 70, kodi chipinda chokhala ndi khonde, chomwe amalemba kuti balcony chija, n'choyenera ndalama zoonjezera zimene akutchulazo? Ine ndakwerapo kawiri kuchokera kuno ku Durban. Koyamba tinagona m'chipinda cham'kati chopanda ndi zenera lomwe, ulendo wogona katatu wopita ku Portuguese Island, kufupi ndi Maputo. Kachiwiri tinati tilaweko zapamwamba, tinatenga cha khonde, wogona kanayi wopita ku Pomene, ku Mozambique komweko. Yankho langa ndi ili: inuyo ndi alamu musatenge khonde. Amayi atengereni. Dikirani ndifotokoze, musanayambe kundinena kuti ndikukumanani zabwino.

Choyamba, chotsani Ilala m'mutu. Ndikudziwa kuti mukamva zoti sitima mukukumbukira ulendo wathu wa ku Likoma uja, tili pamwamba penipeni, tayala matiresi, tikuona mapiri a ku Nkhata Bay akutsalira m'mbuyo, kenako Chizumulu uyo, asodzi ndi mabwato awo, anthu akutsitsa matumba a ufa ndi malata. Pa Ilala maso sasowa choona, n'chifukwa chake malo apamwamba aja munthu sudandaula kuwalipira. Komanso Ilala ija ndi agogo, inayamba kuyenda 1951, ndi yayikulu kuposa Amayi amene. Za kuno ndi zina. Zimenezi ndi hotela yoyandama, yosanjikizana kuposa kakhumi, anthu oposa 2,000 m'katimo, zikepe, madamu osambira, holo ya zisudzo. Ndipo ikangotuluka padoko la Durban, nyumba zazitali zija zikangobisika, basi. Madzi. Kumanzere madzi, kumanja madzi. Mwa apo ndi apo muona sitima ya katundu chapatali uko. Anamgumi amene amawajambula pa zotsatsa aja amadutsa kuno nthawi yozizira mpaka cha mu November, pomwe sitima za kampani ya MSC, zimene timakwera kunozi, zimayamba maulendo ake a kuno cha mu November momwemo n'kulekeza cha mu April. Ndiye mukapita mu January musakakhale pakhonde kudikira namgumi.

Khondelo palokha, musaganize khonde la kwathu loti mungayalepo mphasa n'kumasankha nyemba. Ndi kakhonde. Mipando iwiri, katebulo kamodzi, kutsogolo galasi lofika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono, mbali zonse ziwiri chotchinga chopyapyala moti aneba akamakangana mumamva zonse. Ife tinamva nkhani yonse ya banja lina la ku Pretoria, mpaka ndinadziwa kuti apongozi ndi amene anayambitsa.

Ndiye ndikuuzeni mmene tinaligwiritsira ntchito khonde lathulo, ine ndi bambo a kunyumba kuno. Tsiku lonyamuka sitinakhalepo, tinali pamwamba ndi anthu onse, nyimbo zili tiii, aliyense akujambula mzinda ukutsalira. Usiku tinakadya, tinakaonera zisudzo, tinabwera 12 koloko itadutsa, n'kugwera pabedi. Tsiku la ku Pomene tinachoka m'mawa, tinabwera madzulo titapsa ndi dzuwa, mchenga uli mpaka m'makutu. Nditawerengera bwinobwino, masiku onsewo pakhonde paja ndinakhalapo mwina maola atatu. Abambowa ndiye sanafike ndi ola limodzi lomwe, ankangosuzumira n'kunena kuti kunja kuli mphepo.

Koma ndisaname, m'mawa umodzi wokha unandikhudza. Ndinadzuka cha m'ma 5 koloko, anthu onse ali mtulo, ndinatuluka ndi chitenje chokha. Kunali zii, kumangomveka madzi akung'ambika m'munsi, shwaaa, shwaaa. Dzuwa linatuluka m'madzi mwenimweni, lofiira ngati nkhuni yamoto, ndipo ndinapezeka ndikuimba nyimbo ya kwaya pansipansi, misozi ili m'maso. Nditagwira chitsulo cha m'mphepete chija dzanja linachita nyatanyata ndi mchere. Zimenezo zinali zabwino, sindikana. Koma ulendo woyamba uja, wa chipinda cham'kati, dzuwa lomwelo ndinalionanso, ndinangokwera chikepe kupita pamwamba, ulere, nditanyamula kapu ya tiyi. Kusiyana kwake n'koti kumeneko ndinayamba ndavala diresi.

Chitenje chimene ndikunenacho chinapita, mwa njira ina. Ndinachichapa n'kuchiyanika pampando pakhonde, chizolowezi cha kwathu. Pobwera kokadya, palibe. Chinauluka. Pano mwina chavalidwa ndi nsomba ku Inhambane. Ndipo amachita kuletsa kuyanika zinthu pakhonde, ine ndi amene ndinali wosamva.

Alamu, ndikudziwa mukumvera, ndipo ndikudziwa chimene mukulifunira khonde. Fodya. Iwalani. Pakhonde saloleza kusuta, pali malo ake apadera pamwamba. Si nkhanza ayi. Mu 2006 sitima ina yotchedwa Star Princess inagwira moto usiku kufupi ndi Jamaica, moto unayambira pakhonde la chipinda china, ofufuza anati mwina chinali chotsalira cha ndudu, zipinda zambiri zinapsa ndipo munthu mmodzi anamwalira. Ukataya ndudu uli pamwamba mphepo imaibwezera pakhonde la mnzako m'munsi. Ndiye ngati cholinga chinali chimenecho, ndalamayo isungeni.

Tsopano masamu ake. Mtengo umene mukuona pa intaneti ndi wa munthu mmodzi, poganiza kuti m'chipindamo mugona awiri. Ndiye kusiyana kwa cham'kati ndi cha khonde muchulukitse kawiri. Tingoyerekeza, si mtengo weniweni uwu, kuti kusiyanako ndi R3,000 pa munthu. Awiri ndi R6,000. Pa ulendo wogona katatu ndiye kuti R2,000 usiku uliwonse, kulipira mipando iwiri yomwe simukhalapo. Isintheni mu makwacha mumve mmene mtima ukugundira. Chakudya ndi chimodzimodzi, wa m'chipinda cham'kati ndi wa khonde amadya patebulo limodzi, zisudzo zomwezo, damu lomwelo. Bedi ndi bafa sizisiyana kwenikweni.

Ndipo ndalama imeneyo mudzaifuna kwina. M'sitimamo zinthu amawerengera mu madola a ku America, ndipo simugwira ndalama m'manja, amakupatsani kakhadi komwe ndi kiyi wa chipinda, komweko n'kogulira. Kakhadi kameneko n'koopsa, Achemwali, chifukwa sumva kuwawa. Madzi akumwa, tiyi ndi khofi kumalo odyera odzitengera wekha n'zaulere, koma zoziziritsa kukhosi, mowa, zithunzi zimene amakujambulani, intaneti, zonsezo n'zolipira. Mufunsenso ngati mtengo umene akupatsaniwo waphatikiza kale msonkho wa padoko, inshulansi ndi ndalama ya antchito ya tsiku lililonse, kuti zisadzakudzidzimutseni. Onjezani ulendo wochoka ku Lilongwe kudzafika kuno. Malo ogona musadandaule, mufikira kwathu.

Chipinda cham'kati chili ndi vuto lake limodzi, ndikuuzeni poyera: mdima. Mukazimitsa magetsi ndi mdima wa ndiweyani, usana ndi usiku osasiyana. Tsiku loyamba tinadzuka tikuganiza kuti ndi mbandakucha, kuyang'ana foni, 10 koloko. Ena amati tulo take n'tokoma chifukwa cha mdima womwewo, ndipo abambo a kuno ndi mmodzi wa iwo. Ine ndinapeza nzeru yosiya TV ili pa tchanelo choonetsa kamera ya kutsogolo kwa sitima, mawu nditatsitsa, kuti kukamacha chipinda chiziwala pang'ono. Inuyo mungathe. Mumakonda anthu, mumakonda kuvina, kuchipinda muzingopita kukasamba ndi kugona.

Koma Amayi ayi. Taganizirani bwino Amayi athu. Munthu amene amadzuka 4 koloko, kupemphera, kutsegula chitseko, kuyang'ana kumwamba kuti aone ngati kugwe mvula. Munthu amene tsiku lonse amakhala pakhonde, ngakhale pabalaza pali masofa amene tinawagulira aja. Mukawatsekera m'chipinda chopanda zenera adzati mwawaika m'bokosi, ndipo mawu amenewo tidzawamva mpaka chaka chamawa. Pamwamba pa damu paja phokoso ndi losasimbika, zoimbira zili pamwamba, achinyamata ali ndi timakabudula, mipando yonse anthu aikapo matawulo kuyambira m'mawa. Amayi adzakhalapo mphindi khumi n'kunena kuti ndiperekezeni. Ndiye akabwerera kuchipinda, akapeze potulukira, pokhala ndi Baibulo lawo ndi tiyi, mphepo ikuwawomba.

Palinso ichi. Ku Portuguese Island ndi ku Pomene sitima sifika kumtunda, kulibe doko. Imaima patali, anthu n'kumatsikira m'timaboti tating'ono, ndipo pofika kugombe umaponda m'madzi. Mukukumbukira mmene tinkatsikira pa Ilala kulowa m'boti lija, wina akukugwira dzanja, boti likukwera n'kutsika? N'chimodzimodzi, kungoti mafunde a kuno ndi aakulu. Ndi mawondo a Amayi aja, ine ndikuona kuti adzasankha kutsala. Tsiku limenelo ndi limene khonde limabweza ndalama yake: sitima ili phee, anthu onse apita, iwo ali pakhonde kuonerera timaboti tikupita n'kubwera, mtunda ukuoneka uko. Komanso nyanja ikavuta woyendetsa sitima amatha kunena kuti lero palibe wotsika. Miyezi ya January mpaka March ndi nyengo ya anamondwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, Freddy uja wa 2023 anadzera momwemo asanatipeze kwathu. Zikatero tsiku lonse mumakhala m'sitima, malo onse odzaza, ndipo amene ali ndi khonde ndiye mfumu.

Ndiye maganizo anga, mutenge zipinda ziwiri zoyandikana. Cha khonde agone Amayi ndi mwana wanu wamkulu uja, chifukwa munthu akagona yekha amamulipiritsa pafupifupi mtengo wa awiri, komanso Amayi sangagone okha malo achilendo. Inu ndi alamu mutenge cham'kati, mbali ina ya kanjira komweko. Mukafuna dzuwa la m'mawa mungogogoda, khonde limodzi likwanira banja lonse. Tizidzukulu tating'ono tija tokha, ngati tikubwera, tisamatsale patokha m'chipinda cha khondecho. Mwana amakoka mpando n'kukwerapo, simufuna n'kuganiza komwe.

Ngati ndalama yavuta ndithu, pali chapakati: chipinda cha zenera. Zeneralo silitseguka, koma kuwala kumalowa, munthu umadziwa kuti kwacha. Kwa Amayi chimenecho n'chabwino kuposa cham'kati. Mungosamala, zina zimatchipa chifukwa kutsogolo kwa zenera kwapachikidwa boti lopulumutsira anthu, ndiye m'malo mwa nyanja muzidzaona chiboti cha olenji masiku onse. Amalemba, koma ndi timalemba tating'ono. Ndi zina za khonde zimakhala choncho.

Chinthu china chimene ine ndimachiona chofunika kuposa khonde lenilenilo ndi pamene chipindacho chili. Nyanja ya kuno si yofatsa. Madzi a m'mbali mwa gombe lino amathamanga kulowera kum'mwera, amawatcha Agulhas, ndiye mphepo ikawomba mosemphana nawo mafunde amakula. Mwera wa pa nyanja yathu uja, muuchulukitse. Kutsogolo kwenikweni kwa sitima ndi pamwamba kwambiri ndi kumene kumagwedezeka zedi. Sankhani chapakati, osati pamwamba kwambiri. Muonenso pa mapu a sitimayo kuti pamwamba panu ndi pansi panu pali zipinda zogona, osati damu kapena malo ovinira, apo ayi muzidzamva mipando ikukokedwa mbandakucha. Mankhwala a chizungulire mugule kuno ku famase tisanakwere, koma a Amayi muyambe mwafunsa adokotala awo chifukwa cha mapilisi a BP aja. Munthu akayamba nseru, mpweya wa panja ndi kuyang'ana kutali komwe madzi akumana ndi thambo zimathandiza, ndiye apanso khonde la Amayi lija lagwira ntchito.

Za mbali, musavutike nazo. Popita sitima imalowera kumpoto, a kumanja amaona dzuwa likutuluka, a kumanzere likulowa. Pobwerera zimasinthana. Aliyense amapeza gawo lake.

Eya, ndisaiwale, muwauze Amayi kuti akatsegula chitseko cha khonde asatsegulenso cha kukanjira nthawi imodzi. Mphepo imadutsa ngati yolusa, chitseko chimamenyetseka moti chala chingaduke. Ndipo mapasipoti onse muwaone lero lomwe, a Amayi makamaka, ndikukayika ngati sanathe, chifukwa uku n'kutuluka m'dziko kulowa Mozambique ngakhale mukungopita kukaponda mchenga.

Nditumizireni madeti amene mukuganiza ndi manambala a zipinda zimene akukuonetsani, ndiziyang'ana pa mapu usiku uno ndikuuzeni zoti mupewe. Aaa, dikirani, mphika wanga ukupserera. Muwapatse moni Amayi, koma za m'bokosi zija musawauze.