Wopita ku Sydney kuchokera ku London adzere ku Singapore

Achemwali, mwafunsa kutalika kwa mtunda wochoka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London kukafika ku Sydney ku Australia, maola ake, komanso njira yomwe ingakukomereni poti muli ndi khanda.

Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 17,000. Ndege zikuluzikuluzi zimathamanga makilomita ngati 900 pa ola, ndiye mukawerengetsera mupeza maola 19. Masamu amenewo musawakhulupirire. Pakadali pano ndege zopita kumeneko zimayamba zatera kwina, choncho zonse zikayenda bwino muyembekezere maola 22 mpaka 24.

Ndikanakhala ine, ndikanadzera ku Singapore. Kuchoka ku London kukatera pa Changi, bwalo la ndege la ku Singapore, ndi maola 13 kapena 14, kenako maola 8 mwafika ku Sydney. Ubwino wake, chigawo chachitalicho mumathana nacho mphamvu zikadalipo, makamaka mukanyamuka usiku mwana ali mtulo. Njira ya ku Dubai imatembenuza zinthu: mumayamba ndi maola 7, kenako maola 14 akukudikirani msana utauma kale, mwana nayenso atayamba kulira. Ambiri amaikonda mitengo ikatsika, ndipo sindiwanena, koma ndi khanda pamiyendo ine ayi.

Iliponso ndege ya kampani ya Qantas yosaima paliponse kuchoka ku London mpaka ku Perth, mzinda wa kumadzulo kwa Australia, yomwe idayamba mu Malichi 2018. Imeneyo ndi makilomita pafupifupi 14,500, maola ngati 17 muli pampando umodzi, ndipo mukatsika kwatsalabe maola 4 kuti mukaone Sydney. Imeneyo asiyireni a ku Perth.

Pomwe anthu amasokonezeka kwambiri ndi pa nthawi yolembedwa pa tikiti. Nthawi yonyamukira ndi ya ku London, yofikira ndi ya ku Sydney, ndipo Sydney ili patsogolo ndi maola 9 mu Julayi, 11 mu Januwale. Mukanyamuka Lolemba usiku mukafika Lachitatu m'mamawa. Amene akakuchingamireni auzeni tsiku lake momveka, angakagone pabwalo la ndege Lachiwiri akudikira munthu yemwe akadali m'mitambo.

Pobwerera musadabwe ulendo ukatalikirako. Kumtunda komwe ndege zimadutsa kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo kupita kum'mawa. Popita imakukankhani kumsana, pobwera mumalimbana nayo.

Tikiti gulani imodzi ya ulendo wonse, osati ziwiri zapadera. Mukatero katundu amapitirira yekha mpaka ku Sydney, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, kampaniyo ndi yomwe imakupezerani ina. Ngati mukusintha ndege pa Changi, sankhani yokupatsani maola awiri kapena atatu, okwanira kumusintha mwana thewera ndi kuwongola miyendo. Pogula pomwepo pemphani mpando wokhala ndi kabedi ka mwana kutsogolo kwake, chifukwa mipando yotere ndi yochepa ndipo imatha msanga.