Achemwali, ndalamazo ziikeni pa boti la m'mamawa ku Liwonde

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kulipira ulendo wokonzedwa kale wa ku St Lucia, ku South Africa, wokaona mbalame za m'madambo a kunyanja yamchere pamodzi ndi nyama zakutchire, kapena ngati kuli malo ofikirika kuchokera kuno ku Lilongwe. Mwati muli ndi masiku asanu kumapeto kwa Novembala, inuyo, bambo a kunyumba ndi ana awiri. Ine ndikuti pitani ku Liwonde. Ndalama zimene zikanathera pa ndege muziike pa boti la m'mamawa mu Shire, ndi pa woperekeza amene mbalame amazidziwadi.

St Lucia sindikuinyoza ayi. Ili m'dera la iSimangaliso ku KwaZulu-Natal, lomwe UNESCO inaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1999. Kuli mitundu ya mbalame yoposa 500, usiku mvuu zimayenda m'misewu ya m'tauni, ndipo Hluhluwe-iMfolozi, kuchimake kwa zipembere, ndi pafupi. Ife a Malawi sitifunikanso viza ngati tikukacheza masiku osapitirira 30. Chovuta ndi masiku anuwo. Ndege ikakutulani ku Johannesburg mukwerenso ina ya ku Durban kapena Richards Bay, kenako galimoto, pobwerera chimodzimodzi. Masiku awiri athera panjira. Za basi yodzera pa Dedza, Tete ndi Beitbridge ndiye musayerekeze n'komwe muli ndi ana. Onjezanipo mmene ndalama zakunja zikuvutira kupezamu. Umenewo mudzapite mukadzapata masabata awiri.

Ku Liwonde mumatsika ndi M1 kudutsa Dedza ndi Ntcheu, n'kukhotera pa Chingeni kulowera ku Balaka. Mukanyamuka kusanatenthe, nkhomaliro mukadyera konko. Pakiyi ndi yaing'ono, ma sikweya kilomita 548, ndipo kuyambira 2015 imayendetsedwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks mogwirizana ndi boma. Amene anapitako kale, nthawi imene tchire lonse linali misampha ya waya yokhayokha, musawamvere kwambiri. Anaitchinga ndi mpanda wamagetsi, mikango anaibwezeretsa mu 2018, ndipo mu 2019 anabweretsa zipembere zakuda 17 kuchokera ku KwaZulu-Natal komwe mukufuna kupitako. Njovu nazo zinaswana mpaka malo kuchepa, moti mu 2022 zokwana 263 anazisamutsira ku Kasungu. Musayembekeze kuti chipembere muchiona msanga, chimakonda ziyangoyango, koma njovu, mvuu, ng'ona, njiri ndi mphalapala simungabwere osaziona.

Chimene ndikukutumizirani kumeneko kwenikweni ndi mtsinje. Pa galimoto mbalame zimathawa fumbi ndi phokoso. Pa boti, woyendetsa akazimitsa injini n'kulisiya kuti liziyenda ndi madzi, zimakuonani ngati chipika, mumazifika pafupi zedi. Nkhwazi, yomwe ija ya pa chizindikiro cha dziko lathu, imakhala pamwamba pa mtengo wouma, ndipo ikamalira imaponya mutu kumbuyo mpaka mlomo kuloza kumwamba. Akakowa amakhala mbuu m'bango, ena kumsana kwa mvuu. Nantchengwa mumamuona akupondaponda matope ndi phazi kuti achule adzidzimuke, chisa chake chachikulu chija chili pamphanda ya mtengo. Pali kambalame ka zala zazitali modabwitsa, jacana, komwe kamayenda pamwamba pa masamba a maluwa a m'madzi osamira. Kakamuna ndi komwe kamalera ana, ndipo zikavuta kamawanyamula m'khwapa mwa mapiko, timiyendo tokha tikulendewera. Ana anu zimenezi sadzaziiwala msanga. Madzi akatsika n'kusiya mchenga, pamakhala African skimmer, yomwe mlomo wake wapansi ndi wautali kuposa wapamwamba. Imauluka chamunsi mlomowo ukung'amba madzi, ikakhudza kansomba n'kutseka kuti khapa.

Ndiye pali ziwiri zimene azungu amalipirira ndege kuchokera kutali. Wina ndi kadzidzi wamkulu wofiirira wodya nsomba, Pel's fishing owl. Masana amabisala m'mitengo ya masamba othithikana m'mbali mwa mtsinje, ndipo inu nokha mukhoza kudutsa pansi pake tsiku lonse osamuona. Ena ndi tizingolopiyo tobiriwira ta nkhope yofiira, Lilian's lovebird, timene kuno kwathu kwawo kwenikweni ndi ku Liwonde, ndipo timagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Apa ndi pamene woperekeza amadyera ndalama yake moyenera. Wodziwa ntchito amadziwa mtengo umene kadzidziyo wagonamo sabata imeneyo, amamva kulira kwa mbalame n'kukuuzani dzina musanaione, ndipo amaimitsa boti dzuwa lili kumbuyo kwanu kuti mitundu ioneke bwino.

Chenjerani ndi mawu akuti ulendo woperekezedwa, chifukwa aliyense amalemba choncho pa Facebook. Kampani ina yomwe sinditchula inatigulitsa ulendo wa mbalame, tsiku lake n'kutitumizira dalaivala wabwinobwino, waulemu wake, koma mbalame iliyonse yoyera kwa iye inali kakowa, ndipo tinanyamuka cha m'ma 10 koloko dzuwa litaswa kale mtengo. Nthawi imeneyo mbalame zakhala chete mumthunzi. Musanalipire, lankhulani ndi munthu weniweniyo amene adzakuperekezeni, osati wa muofesi. Mufunseni kuti mwezi uno kukuoneka mbalame zanji zimene kunalibe mu Julayi. Akayamba kuzengereza, dziwani kuti mwapeza dalaivala. Funsaninso ngati boti limanyamuka dzuwa lisanatuluke, mudzakhalamo anthu angati, ngati muli majekete oyandamitsa a msinkhu wa ana, komanso ngati woperekezayo amakhala ndi ma binoculars, magalasi oonera patali aja, obwereketsa. Za kuyenda wapansi m'tchire, kumene mumatsogozedwa ndi agemu a mfuti, malo ambiri salola ana aang'ono, ndiye tchulani zaka za ana anu poyambirira. Operekeza amene ndawapeza odziwa kwambiri ndi okhazikika pamalo ogona a m'paki momwemo, ngati ku Mvuu, kapena a pafupi ndi geti la ku Chinguni, kusiyana ndi ochokera nanu ku Lilongwe. Ngati thumba silikulola zonse, gonani m'tenti kapena malo otsika mtengo kunja kwa geti, koma boti ndi woperekeza musachepetsepo.

Mwezi mwasankhawo ndi wabwino kwa mbalame. Kuyambira Okutobala mpaka cha mu Epulo kumabwera zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zothawa chisanu, anamzeze ena mwa izo, ndipo zathu zomwe zimavala nthenga za chikwati. Atchete aamuna amasanduka achikasu kuti psuu, ali kalikiliki kuluka zisa pamwamba pa madzi. Kwa nyama zikuluzikulu, nyengo yabwino koposa ndi yachilimwe, pamene zonse zimakhamukira kumtsinje, ndipo mvula ikangoyamba zimabalalika chifukwa madzi apezeka paliponse. Kumapeto kwa Novembala muli pakatikati, mupata zonse pang'onopang'ono. Koma kutentha kwake si kwa ku Area 25 ayi, ndi kwa kuchigwa. Konzani kuti masana muzigona, muzituluka m'mamawa ndi chakumadzulo. Dothi la m'pakimo ndi makande, mvula yamphamvu ikagwa misewu ina amaitseka, ndiye imbani foni kutatsala masiku ochepa mufunse ngati galimoto yanu ingalowe kapena akutengereni pa boti kuchokera m'tauni ya Liwonde.

Ana akamalirira mchenga wa kunyanja, musabwerere njira yomweyo. Mukagona ku Liwonde masiku atatu, dzerani M5 kuchokera ku Balaka kudutsa pa Mua mpaka ku Salima, mutafunsiratu mmene msewuwo uliri chifukwa umasinthasintha. Ku Salima kuli Kuti, nkhalango yaing'ono yopanda mikango kapena njovu, komwe ana akhoza kuyenda wapansi kapena kupalasa njinga pakati pa mbidzi. Kuseri kwa Senga Bay kuli madambo a mbalame zam'madzi, ndipo m'mawa mwake mungobwerera ndi M14, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kufika m'tauni muno. Posamba, pewani madzi odikha a m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo.

Anthu ena amatchula Nkhotakota. Ndi nkhalango yaikulu, pafupifupi ma sikweya kilomita 1,800, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kukongola ndiye n'kokongola, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ndipo dziwe la Chia lili chakumwera kwa boma ngati mukufuna bwato la asodzi ndi mbalame za m'bango. Koma mitengo ya miyombo ndi yothinana, njovu ikhoza kukhala pafupi inu osaiona, ana n'kuyamba kufunsa kuti tibwerera liti. Kulinso kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, yomwe imakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda. Kumeneko mudzapite awiriwiri ndi bambo. Nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh, madambo athu awiri amene ali pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika padziko lonse, ndi a anthu amene mbalame zinawalowa kale m'magazi. Chilwa imaphwa zaka zina, ngati mu 1995 ndi 2018, ndipo malo ogona abwino pafupi ndi osowa.

Loweruka lina musananyamuke, tengani ana mupite ku nkhalango ya pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, akaphunzire kugwira ma binoculars. Zimaoneka zophweka koma si choncho: uyenera kuyang'anitsitsa mbalameyo kaye, kenako n'kukweza magalasiwo kumaso osasuntha mutu. Mwana akakaphunzirira pa boti, nkhwazi idzauluka iye akuonabe mitambo. Ogula musankhe olembedwa 8x42, ndipo akhale osachepera awiri, apo ayi mkangano wake simuutha. A Wildlife and Environmental Society of Malawi ali ndi nthambi kuno ku Lilongwe, afunseni za maulendo awo a kumapeto kwa sabata. Nthawi zina amapita ku Dzalanyama, komwe kuli mbalame za m'miyombo zosapezeka wamba. Pafoni ikani Merlin, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, mutsitsiretu mbalame za dera lathu muli kuno, chifukwa netiweki ya m'tchire ndi yosadalirika.

Tengani zitupa za unzika za akuluakulu nonse, popeza mtengo wolowera m'paki wa a Malawi ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa alendo, ndipo malo ogona ambiri ali ndi mtengo wa nzika umene satchula pokhapokha mutafunsa. Auzeni akulembereni pa WhatsApp, m'makwacha, zimene zili mkati mwa mtengowo: chakudya, ndalama ya pageti ya tsiku lililonse ndi ya galimoto, maulendo a boti angati. Mankhwala othamangitsa udzudzu, zipewa, madzi akumwa ambiri, ndi ndalama zapamanja zothokozera woperekeza. Mwana akatentha thupi mutabwerako, mukamuyezetse malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kuti munali kuchigwa cha Shire.