Kodi Pulezidenti angadzipatse unduna mwamseri?

Owerenga wina wa ku Kawale wanditumizira imelo. Akuti anamva za nduna yaikulu ya ku Australia yomwe inadzipatsa maunduna angapo anthu osadziwa, ndiye akufunsa kuti: "Kodi zotere zingachitike kuno kwathu? Nanga malamulo aakulu a dziko lino akuti bwanji?"

Achimwene, tiyambe ndi zomwe zinachitikazo. Mwini nkhani ndi Scott Morrison. Mu March 2020, mliri wa Covid-19 utangobuka, anapatsidwa mphamvu zoyendetsa unduna wa zaumoyo ndi wa zachuma. Mu 2021 anawonjezera ena atatu: woona za mafakitale, magetsi ndi migodi, woona za m'dziko, ndi Treasury (woona za misonkho ndi ndondomeko ya chuma). Onse pamodzi asanu. Nduna zake zinali zikadali pamipando. Greg Hunt wa zaumoyo ankadziwa, koma Josh Frydenberg wa Treasury ndi Karen Andrews wa za m'dziko sankadziwa kuti m'maunduna awo muli mwini wachiwiri. Makalata ake anasainidwa ndi David Hurley, yemwe ankaimira Mfumukazi m'dzikomo, ndipo sanalengezedwe. Nkhani inaphulika mu August 2022, Morrison atagonja kale pa chisankho cha mu May.

Mphamvuzo sanangozisunga m'thumba. Anakaniza nazo chilolezo chofufuza gasi m'nyanja kufupi ndi chigawo cha New South Wales, chotchedwa PEP-11, pomwe nduna yake ya migodi, Keith Pitt, inali ndi maganizo ena.

Tsono mvetsetsani apa. Loya wamkulu wolangiza boma, Stephen Donaghue, ataunika za unduna wa migodiwo, anapeza kuti lamulo silinaswedwe, koma kuti kubisako kunawononga maziko a ulamuliro woyankha kwa anthu. Mtsogoleri atha kuyenda m'malamulo bwinobwino n'kukhalabe akubera anthu ufulu wofunsa. Phungu akaimirira kufunsa chifukwa chomwe chilolezo chakanidwira, amaloza nduna yomwe akuidziwa, pomwe wogamula weniweni ali phee pampando wina. Aphungu anamudzudzula Morrison pa 30 November 2022, mavoti 86 kwa 50, ndipo pambuyo pa kafukufuku wa Virginia Bell, yemwe anali woweruza m'bwalo lalikulu, anakhazikitsa lamulo loti kusankhidwa kotere kuzilengezedwa.

Kwathu kuno zinthu zinakhala mosiyana. Pulezidenti timamusankha tokha, ndipo malamulo a mu 1994 amamupatsa mphamvu zambiri. Gawo 92 likuti iye ali m'gulu la nduna, gawo 94 likumupatsa mphamvu zosankha nduna, ndipo gawo 97 likuti ndunazo zimayankha kwa iye pa kayendetsedwe ka maunduna awo. Mtsogoleri kugwira unduna si zachilendonso. Kamuzu Banda anagwira maunduna angapo nthawi imodzi, monga wa maubale ndi mayiko akunja ndi wa ulimi. Bingu wa Mutharika nayenso anakhalapo nduna ya zaulimi. Koma izi zinkanenedwa pa wailesi, aliyense akumva.

Malire alipo. Gawo 12 likuti mphamvu zonse zimachokera kwa anthu ndipo wozigwira amangosungitsidwa, amazisunga pokhapokha boma likuchita zinthu poyera ndi kuyankha kwa eni ake. Gawo 90 likuti ziganizo za Pulezidenti zikhale zolembedwa, iye atasaina. Gawo 96 likuti nduna zizipezeka ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso, ndipo gawo 89 likupatsa aphungu mphamvu zoitana Pulezidenti mwini. Lazarus Chakwera anakayankhako mu September 2020. Ndikawerenga magawo amenewa pamodzi, sindikuona pomwe unduna wamseri ungaimire. Aphungu angaitane bwanji nduna yomwe sakuidziwa?

Komabe chomwe chimandisowetsa mtendere ine si kalata yobisika ngati ya Morrison. Pulezidenti wa kuno saifunanso kalata yotere. Nduna imene angaichotse madzulo ano siingakane foni yochokera ku Kamuzu Palace. Lamulo limatsika pakamwa, kalata imatuluka ku Capital Hill ndi siginecha ya nduna kapena ya mlembi wamkulu wa unduna, ndipo zikavuta wofunsidwa ndi wosainayo. Chinsinsi chathu ndi chimenechi, ndipo kuchigwira n'kovuta kuposa cha ku Australia, poti sichisiya pepala.

Choncho mukamva kuti ntchito inayake yaimitsidwa kapena kontirakiti yapita kwa wina "malinga ndi malangizo ochokera kumwamba", funsani kalata yake. Gawo 37 likukupatsani ufulu wodziwa zomwe boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lemberani unduna wokhudzidwawo, tchulani chiganizocho ndi tsiku lake, ndipo funsani kuti anagamula ndani komanso potsatira gawo liti la malamulo. Akakukanizani kapena akangokhala chete, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Phungu wa m'dera lanu mum'patseko kope, kuti funso lomwelo likamvekenso m'Nyumba ya Malamulo.