Mayi akukodza pafupipafupi chiyambire mankhwala a BP

Achemwali, mwafunsa ngati mankhwala a BP akuwononga impso za mayi anu, poti chiyambire kumwa akumangopita kukataya madzi, komanso ayamba kutsokomola kopanda makhololo. Musawasiyitse, kaonenitu dzina lomwe lalembedwa pa kapepala ka mapiritsiwo.

Ngati pali hydrochlorothiazide, ena amangolemba HCTZ, kukodzako ndiye ntchito yake. Impso zimasefa madzi a m'magazi pafupifupi malita 180 pa tsiku, koma zimawabweza m'thupi pafupifupi onse, otuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi kapena awiri basi. Zimabwezanso mchere, ndipo komwe mchere walowera, madzi amatsatira konko. Piritsi limeneli limaletsa impso kubweza gawo lina la mcherewo. Mchere ukamatuluka umakoka madzi, m'mitsempha mumapepuka, BP n'kutsika. N'chifukwa chake amati muzimwa m'mawa. Mukawapatsa madzulo, mayi achezera kutsekula chitseko usiku wonse. Kwa ambiri kukodzako kumachepa pakapita masabata angapo.

Chifuwacho ndikukayikira enalapril kapena mnzake captopril. Thupi limapanga angiotensin, amene amafinya mitsempha, ngati momwe munthu amafinyira paipi kuti madzi atuluke mwamphamvu. Mankhwalawa amatseka chinthu chomwe chimapanga angiotensin ameneyu. Vuto n'lakuti chinthu chomwecho ndi chimenenso chimaphwanya chinthu china cha m'thupi chotchedwa bradykinin. Chikatsekedwa, bradykinin amachuluka m'njira za mpweya n'kumayabwa kukhosi. Munthu amangoti khoso khoso, makamaka akagona, ndipo mankhwala a chifuwa sathandiza olo pang'ono.  Kawauzeni adokotala, amatha kusinthira ku losartan, amene kawirikawiri sayambitsa chifuwa chotere. Koma milomo, lilime kapena nkhope zikatupa, kumeneko osadikira kuti kuche, thamangani nawo kuchipatala.

Tsono za impsozo. Chimene chimaziwononga kwambiri ndi BP yokwera imene yasiyidwa. Impso iliyonse ili ndi tizisefa pafupifupi miliyoni imodzi, topangidwa ndi timitsempha topyapyala kuposa tsitsi. Magazi akamatiwomba mwamphamvu zaka ndi zaka, timalimba n'kumatsekeka kamodzikamodzi, mwini wake osamva kupweteka kulikonse. Apa m'pamene ambiri amapusitsikira: aona makina awerenga pansi pa 140/90, iwo amvekere ndachira, n'kutaya mapiritsi. Chonsecho nambala yabwinoyo abweretsa ndi mapiritsi omwewo, ndipo akasiya imakweranso.

Nkhawa yanu si yopanda pake ayi. Mankhwalawa amafunika kuyezetsa magazi nthawi ndi nthawi, makamaka creatinine (amene amasonyeza mmene impso zikugwirira ntchito) ndi potassium (mchere wina wa m'magazi), choncho kapempheni. Mayi asamamwe ibuprofen kapena diclofenac mwachisawawa akamva msana, chifukwa akaphatikizana ndi HCTZ ndi enalapril kapena captopril impso zimapanikizika zedi. Akatsekula m'mimba kapena kusanza kwambiri, funsani achipatala tsiku lomwelo ngati apitirize kumwa. Ndipo ngati kukodzako kukubwera ndi ludzu losatha komanso kuwonda, akayezetsenso shuga.