Firiji ikungong'ung'udza kenako "thi!": musathamangire kugula kompuresa

Mayi wina wa ku Mchinji, amene amagulitsa mafirizesi ndi zoziziritsa kukhosi pa okala yawo, andilembera imelo. Akuti chibwerereni magetsi tsiku lina, firiji yawo imangong'ung'udza masekondi ochepa, kenako imalira "thi!" n'kukhala chete, ndipo pakapita mphindi 2 kapena 3 imayambiranso. Wokonza wina wawauza kuti kompuresa, injini yopopa gasi woziziritsa mu firiji, yapsa. Akufunsa ngati agule ina.

Mayi, musagule kaye. Phokoso la "thi" lija ndi la overload, kachipangizo kodula moto kompuresa ikatentha kapena ikakoka moto wambiri. Ndiye kuti kompuresa ikuyesa kudzuka koma ikulephera, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala relay, kanthu kothandiza kompuresa kudzuka, kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kompuresa. Zimandiwawa kuona anthu akutaya kompuresa yabwinobwino chifukwa cha kanthu kameneka.

Zulani pulagi pa soketi musanagwire chilichonse. Pambali pa kompuresa pali kabokosi kakuda. Mukakatsegula mupeza relay ndi overload zitavekedwa pa mapini 3 a kompuresa otchedwa C, S ndi R. Solorani relay, muigwedeze pafupi ndi khutu. Ikamachita tchekecheke ngati muli timiyala, kambale kam'kati mwake kotchedwa PTC kasweka, yatha imeneyo. Ikakhala yozizira, pa multimeter (mita yoyezera za magetsi) iyenera kuonetsa nambala ya ma ohm yolembedwa pathupi pake, kawirikawiri 22 kapena 33 pa mafiriji a 220 mpaka 240 V. Overload yabwino imaonetsa pafupifupi 0.

Tsopano mapini aja, pomwe pali nkhani yonse. Yezani awiriawiri. C ndi R nthawi zambiri amapereka nambala yaing'ono, C ndi S yokulirapo, ndipo S ndi R ayenera kupereka ziwirizo mutaziphatikiza. Mwachitsanzo, mukapeza 12 ndi 18, yachitatu ikhale pafupi ndi 30. Mita ikapanda kuonetsa kanthu pa awiri ena, waya waduka m'kati. Kenako palani penti pang'ono pathupi la kompuresa, muyeze pini iliyonse ndi chitsulocho. Apa mita isaonetse kulumikizana kulikonse. Ikaonetsa, wokonza uja ananena zoona, ndipo firijiyo musaiyatsenso chifukwa ikhoza kugwira munthu shoko.

Ngati pali kapasita, kachipangizo kolumikizidwa ku relay pa mafiriji ena, kumbukirani kuti imasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa. Asiyireni odziwa kuitulutsa moto. Yatsopano ikhale ya ma microfarad (muyezo wa kukula kwake) ofanana ndi yakale.

Pokagula relay ndi overload, nyamulani zakalezo ndi nambala ya pa kompuresa, chifukwa overload yokula mopitirira siidula moto pa nthawi yake. Mukaika zatsopano koma ikung'ung'udzabe, mwina kompuresa yagwirana m'kati. Kusintha kwake kumafuna mmisiri wa gasi, makamaka ngati palembedwa R600a, mtundu wa gasi amene amayaka.

Kompuresa ikadzuka, gulaninso fridge guard, kachipangizo kamene kamachedwetsa kuyatsa firiji magetsi akabwera. Magetsi akathima n'kubwera msanga, gasi amakhala asanakhazikike ndipo relay ikadali yotentha, choncho firiji idikire mphindi 5 isanayatsidwe.