Nyimbo ndinapeka ndine, ndalama zikulowa kwa pulodyusa

Funso: Alangizi, chaka chatha ndinapeka nyimbo, mawu ndi kayimbidwe zonse zanga. Ndinakajambulitsa kwa mnzanga amene ali ndi situdiyo. Biti anapanga ndi iye ndipo sanandilipiritse. Kenako anaiika pa Spotify ndi YouTube kudzera pa akaunti yake. Anthu akuimvera ndithu, koma ine sindinaoneko ngakhale kangachepe. Ndikamufunsa amangoti "zikabwera ndikuuza". Sitinalemberane chilichonse. Kodi nyimboyi ndi ya ndani?

Yankho: Achimwene, nyimbo imodzi imakhala ndi umwini uwiri, ndipo oyimba ambiri amazindikira zimenezi ndalama zitayamba kale kulowa. Woyamba ndi wa chopekacho, mawu ndi kayimbidwe. Wachiwiri ndi wa zomwe zinajambulidwa mu situdiyo, zimene amati master.

Pa chopekacho muli pabwino. Pangano la Berne la 1886 loteteza umwini wa zopeka, lomwe mayiko oposa 180 ali mamembala ake, limati wopeka safunika kulembetsa kuti akhale mwini, ndipo umwiniwo umatetezedwa moyo wake wonse ndi zaka zosachepera 50 atamwalira. Koma musathamangire kunena kuti zonse ndi zanu. Biti nayonso ndi yopeka, choncho mnzanuyo ali ndi gawo lake. Pa master ndiye pavuta, chifukwa malamulo a mayiko ambiri amayang'ana amene anayendetsa ndi kulipirira ntchito yojambula. Situdiyo yaulere ija, mtengo wake ndi umenewu.

Tsono za ndalamazo. Spotify silipira woyimba mwachindunji. Ndalama za master zimapita ku kampani yomwe inaika nyimboyo pa intaneti, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, ndipo iyo imapereka kwa mwini akaunti. Kampaniyo sidziwa kuti ndani anagona mochedwa akulemba vesi yachiwiri, imangodziwa dzina lomwe lili pa akaunti basi.

Komabe mwina mnzanuyo sakunama. Spotify ilibe mtengo wokhazikika wa kumvera kamodzi. Imasonkhanitsa zomwe yapeza, n'kupatula pafupifupi magawo awiri mwa atatu kuti apite kwa eni nyimbo, kenako n'kugawa potengera kuti nyimbo iliyonse yamveredwa kangati poyerekeza ndi zina zonse. Munthu akasiya nyimbo isanakwane masekondi 30, siziwerengedwa. Kuyambira 2024, nyimbo yomwe sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira kanthu pa master. Ndalamanso zimachedwa miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye "anthu akuimvera ndithu" akhoza kukhala ndalama zochepa kuposa mmene mukuganizira. Komatu fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, "ndikuuza" si malipiro.

Mupite mukakhale naye pansi, osati pa foni. Mumupemphe atsegule akauntiyo muone limodzi kuti nyimbo yamveredwa kangati ndipo yabweretsa zingati mwezi uliwonse. Munthu wopanda chobisa sangakane. Pomwepo mulembe pepala limodzi, lomwe oyimba amati split sheet: dzina la nyimbo, mayina anu, maperesenti a aliyense pa chopeka, maperesenti a aliyense pa master, tsiku, n'kusaina nonse. Ena amagawana pakati ndi pakati, ena ayi. Palibe lamulo lokuuzani maperesenti, ndi inu awiri kumvana. Makampani ngati DistroKid amatha kugawa okha ndalamazo n'kutumiza gawo lanu ku akaunti yanu, ndiye simudzafunikanso kumamulondalonda.

Mumufunsenso funso limene ambiri amaiwala: kodi bitiyo anapangadi yekha kapena anaibwereka pa intaneti? Biti yobwereka imagulitsidwa kwa anthu ambiri, ndipo nyimbo yotere YouTube siilola mu Content ID, makina ake ozindikira nyimbo zikagwiritsidwa ntchito m'mavidiyo a anthu ena.

Ndalama za chopeka zili ndi njira yakeyake. Zimadzera ku bungwe lotolera ndalama za opeka nyimbo m'dziko lanu, ndipo ngati simunalembetse kumeneko, gawo lanu silingakupezeni. Kalembetseni nyimboyi sabata ino.

Akakana kusaina, sungani mauthenga anu onse, zolemba zanu zoyamba ndi mawu omwe munadzijambula pa foni musanapite ku situdiyo, mukaonane ndi loya. Mulembenso ISRC ya nyimboyi, yomwe ndi nambala yozindikiritsa nyimbo yojambulidwa, ili ndi zilembo ndi manambala 12. Mukadzamvana kuti isamukire ku akaunti yanu, nambalayo ndi imene imathandiza kuti chiwerengero cha omwe anaimvera kale chisafufutike.